Kunyamula mwana pa honda: zochita musanalize injini, panjira, ndi pofika

Mzime wanga ali ndi chipsera pa katumba wa mwendo wakumanja, chachikulu ngati chikhatho chake. Anachipeza ali ndi zaka 6, tsiku lomwe ndinaima pa msika wa Kapata kuti ndigule matimati. Injini inali itazima kale, ndipo sitinagwe kapena kuwombana ndi munthu. Iye anangotsikira mbali yolakwika ine maso ali kwa wogulitsa, mwendo n'kugunda ekizozi, ndipo pomwe ndinkacheuka khungu linali litasupuka. Kulira kwake ndimakumvabe m'makutu. Zimene ndikulemba panozi ndi zomwe ndakhala ndikuchita m'mawa uliwonse kuchokera tsiku limenelo.

Kuno ku Chipata njinga yamoto, imene timangoti honda ngakhale ikhale Boxer kapena TVS, yasenza ntchito yaikulu. Imapereka ana kusukulu kuchokera ku Mchini ndi ku Nabvutika, imafikitsa odwala kuchipatala kuchokera kumidzi ya ku msewu wa Chadiza kumene galimoto umaidikira mpaka dzuwa kupendeka. Kuuza kholo la kumeneko kuti mwana asakwere konse n'kutaya mawu. Komabe tidziwe chimene tikukwezapo anawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Pa honda, zomwe ndaona zikuvulaza ana kwathu kuno ndi mutu wopanda chisoti, chidendene cholowa m'masipoko, mwendo wokhudza ekizozi, ndi tulo. Zitatu zoyambazo zimakonzedwa njinga ikadali pakhomo.

Yambani mwamuyeza mwanayo

Musafunse zaka zake, funsani miyendo yake. Imikani njinga pa sitandi yapakati m'mawa injini ikadali yozizira, mukhazikeni mwana pampando wakumbuyo atatang'adza, muone mapazi. Onse awiri aponde zopondera ndi phazi lonse, maondo ali opinda pang'ono. Ngati akungofikapo ndi zala, kapena miyendo ili lende, mwanayo sanakwane. Mwendo wolendewera umafunafuna poponda, ndipo chomwe uli nacho pafupi ndi gudumu lozungulira mbali ino ndi ekizozi yotentha mbali inayo. Kenako khalani kutsogolo kwake muone ngati manja ake akufika m'chiuno mwanu n'kugwira zolimba. Chomaliza ndi mutu wake: kodi mukamuuza kuti "usasiye mpaka ndikuuze," amamva n'kusunga? Pali ana aatali miyendo koma amtima wagulugufe, amene akaona galu m'mbali mwa msewu amasiya manja onse kuti aloze. Amenewo adikire kaye.

Nkhani ya khanda ndinene mosapsatira. Palibe njira yabwino yonyamulira khanda pa njinga yamoto. Khosi lake silingasenze chisoti, ndipo liwombo silinatsekeke. Mayi akabereka mwana kumbuyo n'kukhala kumapeto kwa mpando, khandalo ndilo limakhala kunja kwenikweni kwa njinga, kamutu kali pamwamba pa kaliyala. Woyendetsa akadzutsa njinga mwaphuma kapena akamenya hampu, mayi amagwa chagada, ndipo woyamba kufika pansi ndi mwana, thupi la mayi lili pamwamba pake. Ngati ndi ulendo wa kusikelo wodziwika tsiku, konzekerani minibasi, kapena nyamukani m'mamawa muyende wapansi ndi anzanu. Koma kumudzi usiku mwana thupi litatentha ngati moto, honda ndiyo yokha ilipo, ndikudziwa. Pamenepo musunthireni mwanayo pachifuwa, mum'mange zolimba ndi nsalu nkhope ili poonekera kuti azipuma bwino, inu mukhale motang'adza kuti iye akhale pakati pa inu ndi woyendetsa. Munthu wina asakwerenso, ndipo liwiro likhale la njinga yakapalasa.

Chisoti

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mwendo wothyoka umalumikizika koma ubongo ukavulala subwerera mwakale. Lamulo la pamsewu la dziko lino la Zambia, lomwe a RTSA (bungwe loona za chitetezo cha pamsewu) ndi apolisi amalondola, limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale chisoti, ndipo mwana naye ndi wokwera. Kafukufuku amene WHO yakhala ikutchula amasonyeza kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu akuti "chovalidwa bwino" ndiwo ali ndi nkhani yonse.

Chisoti cha munthu wamkulu pamutu pa mwana n'chongonyengera apolisi. Chimalemera kuposa mphamvu ya khosi lake, chimazungulira n'kumutseka maso, ndipo pogwa chimavuka mutu usanafike pansi. Muguleni chake. Ngati simungapite naye kusitolo, tengani ulusi muuzunguze mutu wake pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pa makutu, muike mfundo, mukauyeze pa tepi. Zisoti zambiri zimalembedwa kukula kwake m'masentimita mkati kapena kumbuyo. Yang'anani mkati mwake: mukhale chinthu choyera chochindikala chija chonga chomwe amatchinjirizira wailesi yakanema m'katoni. Chimenecho ndicho chimaphwanyika m'malo mwa chigaza. Chipewa cha omanga nyumba chilibe, n'chifukwa chake sichithandiza pa honda ngakhale chikuoneka cholimba. Chisoti chokhala ndi chizindikiro cha ECE kapena DOT (miyeso ya chitetezo ya ku Ulaya ndi ku America) chinayesedwa, ndipo chophimba mpaka chibwano n'chabwino koposa, chifukwa mwana akagwa chafufumimba chibwano ndi mano ndizo zimayamba kukhudza pansi. Cha pa salaula ndimachiopa. Choyeracho chimagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo chisoti chomwe chinamenyekapo kale chimatha kuoneka chatsopano kunja mkati chitafa.

Mukamuveka, mangani lamba wa pachibwano mpaka pangotsala polowa chala chimodzi kapena ziwiri. Gwirani chisoticho ndi manja awiri muchigwedeze uku ndi uku: khungu la pamphumi ndi masaya zizisuntha nacho limodzi. Chikamatsetsereka chokha ndiye kuti n'chachikulu. Kenako chikankheni kuchokera kumbuyo ngati mukufuna kuchivula cha kutsogolo. Chikavuka, sichili bwino. Kwa ana aakazi bwerezani kuyesaku tsitsi likalukidwa kumene, chifukwa mikanda ndi zingwe zimasintha kukula kwa mutu, ndipo mfundo yaikulu pankhongo imapweteka mwana mpaka amayamba kukankha chisoti panjira.

Mwezi wa October kukatentha mwana amakana, amati chikumuwotcha. Wanga ndinamulola kusankha yekha mtundu, anasankha chofiira, ndipo ndimavala changa iye akuona ndisanamuveke chake. Lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti chisoti chisanamangidwe kiyi salowa. Kusukulu timachisiya kwa aphunzitsi ake mpaka poweruka. Zimathandizanso kuti asamabwerekane chisoti ndi anthu ambiri, chifukwa zipere ndi nsabwe zimayenda mmenemo.

Zovala ndi njinga yomwe

Nsapato zikhale zotseka chidendene. Patapata amavuka, ndipo mwana akamva kuti wavuka amatsitsa phazi kuti amugwire. Zingwe za nsapato zilowetsedwe mkati. Buluku lalitali lochindikala limateteza ku ekizozi ndi ku phula kuposa kabudula wa yunifolomu, choncho ngati n'kotheka avale buluku pamwamba akavule kusukulu. Chilichonse cholendewera n'choopsa: nsonga ya chitenje, diresi lalitali, malamba a chikwama cha mabuku, mpango wa m'khosi nyengo yozizira ya June ndi July. Tcheni ikagwira nsalu siisiya, imakoka munthu yense. Chikwama cholemera musamubereketse, chimamukokera chagada. Chimangirireni pa kaliyala.

Tsopano zungulirani njingayo. Zopondera zakumbuyo zilipo zonse ziwiri, ndipo n'zolimba? Njinga zambiri zonyamula anthu m'tauni muno zinathyoka chopondera chimodzi mwini n'kulowetsapo bawuti yaifupi, ndipo phazi la mwana limatereka pamenepo. Chotchinga cha pa ekizozi chikhalepo, chotchinga cha tcheni chimodzimodzi. Njinga zina zochokera ku India zimabwera ndi kachitsulo konga sefa m'mbali mwa gudumu lakumbuyo, komwe anakapangira amayi a kumeneko ovala nsalu zazitali. Anyamata ambiri amakachotsa kuti njinga izioneka bwino. Kabwezereni, ndipo ngati kulibe, owotcherera zitsulo angakupangireni mbali zonse ziwiri. Bala la masipoko ndi loipa kwambiri: limasenda chidendene mpaka mtsempha, ndipo limatenga miyezi kuti lipole. Onaninso mpweya wa matayala ndi mabuleki onse awiri. Njinga yonyamula awiri imafuna mpweya wochulukirapo kumbuyo, ndipo muyeso wake umalembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni kapena m'buku la njingayo.

Pomukhazika

Malo a mwana ndi kumbuyo kwanu. Ndikudziwa kuti abambo ambiri amakonda kumuika pa thanki, amati ndizimuona ndipo ali pakati pa manja anga. Koma taganizani mbuzi itadumphira mumsewu inu n'kumanga buleki mwadzidzidzi. Mwana alibe pogwira, nkhope yake imakamenya mahandulo, ndipo thupi lanu lonse limabwera pambuyo pake n'kumupanikiza pa chitsulo. Ngakhale popanda ngozi, amakutchingani pokhota ndipo fumbi lonse ndi tizilombo zimayamba kulowa m'maso mwake. Kumbuyo, msana wanu ndiwo umamutchinga.

Akhale motang'adza, mwendo uku mwendo uku, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Kukhala cham'mbali monga amachitira amayi pa njinga yakapalasa kumasiya munthu wopanda chogwirira ndi maondo, ndipo njinga ikapendeka amatsetsereka ngati thumba. Ngati agogo akudandaula za ulemu, mtsikanayo avale buluku mkati. Wokwera akhale mmodzi. Njinga inapangidwira anthu awiri, zopondera zake n'za anthu awiri, ndipo mwana wachitatu wopanikizidwa pakati miyendo yake ilibe kolowera. Bwererani kawiri, petulo wa ulendo wachiwiri ndi wotsika mtengo kuposa tsiku limodzi m'chipatala.

Kwerani inu poyamba, mapazi onse pansi, dzanja litagwira buleki yakutsogolo. Mwana akwerere kumanzere nthawi zonse. Pa njinga zathu zambiri ekizozi ili kumanja, ndipo popeza timayendetsa kumanzere kwa msewu, kumanzereko ndi kumene kuli kutali ndi magalimoto. Asendere pafupi mpaka mimba yake ikhudze msana wanu, maondo akupanani m'ntchafu, manja m'chiuno mwanu. Asagwire kaliyala kumbuyo, chifukwa njinga ikanyamuka thupi limapita komweko.

Za kumanga mwana ndi chitenje anthu amafunsa kawirikawiri. Yankho langa ndi ili: m'mangeni kwa inu, osati ku njinga. Mwana womangiriridwa ku kaliyala njinga ikagwa imamukhwekhwereza nayo pa phula. Pititsani chitenje kumsana kwake, pansi pa makhwapa, manja ake ali omasuka, chizungulire m'chiuno mwanu, mfundo ziwiri zikhale pamimba panu, ndipo nsonga zonse muzipise mkati kuti pasalendewere kanthu. Chisafike pakhosi pake. Dziwani ntchito yake: chimamugwira akawodzera kapena mukamenya dzenje, koma pa ngozi yeniyeni sichimuteteza, ndipo sichilowa m'malo mwa chisoti kapena liwiro lochepa. Kwa mwana wokulirapo, lamba wotambalala wokhala ndi zogwirira ziwiri m'mbali, womangidwa m'chiuno mwanu, amathandiza kwambiri makamaka mukavala jekete loterera. Telala wodziwa kusoka matenti angakusokereni.

Musanapite naye pamsewu koyamba, zungulirani naye pa bwalo la mpira Lamlungu masana. Muphunzitseni kuti njinga ikaima mapazi ake sachoka pa zopondera, woponda pansi ndi inu nokha. Pokhota atsatire thupi lanu, asaweramire mbali ina. Ndipo mugwirizane chizindikiro, chifukwa m'chisoti mawu samveka: kwathu akandimenya kawiri pamimba ndiye kuti "atate, imani," ndipo ndimaima nthawi yomweyo ngakhale chifukwa chake chikhale chaching'ono, kuti asadzaleke kundiuza.

Panjira

Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, sekondi imodzi mumayenda mamita 8. Pa 60, sekondi imodzi yomweyo mumayenda pafupifupi mamita 17 musanakhudze n'komwe buleki, ndipo mtunda woti njinga iime mutamanga buleki umachuluka kanayi. Ndikanyamula mwana m'tauni sindipitirira 30, ndipo ngati tachedwa kusukulu, tachedwa basi. Nyamukani mofatsa, sinthani magiya mofatsa, yambani kumanga mabuleki onse awiri mukadali patali. Mahampu muwakwere ngati mwanyamula mazira, chifukwa mwana ndi wopepuka ndipo amadumpha pampando pomwe inu simunamve kanthu.

Pa Great East Road samalani mathiraki opita ndi kuchokera ku chipata cha m'malire cha Mwami. Mphepo yawo imakankha njinga, ndipo woyendetsa thiraki sakuonani mukakhala m'mbali mwake. Mulekeni adutse, musapikisane naye kapena kulowa pakati pa iye ndi m'mphepete mwa msewu. Misewu yafumbi ili ndi zake: mchenga wa m'chilimwe umalanda gudumu lakutsogolo, matope a January ndi February amatereretsa lakumbuyo. Pamalo okayikitsa mutsitseni mwana ayende wapansi, mukakumane kutsidya. Mtsinje wodzaza musawoloke naye. Masiku a mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February ndi a mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu August msewu umadzaza magalimoto a alendo ndi anthu omwe alawa, ndiye ngati mwana akupita nawo, akwere galimoto. Usiku ndi mvula pewani. Ngolo za ng'ombe sizikhala ndi nyale.

Tulo ndi mdani amene simumuona akubwera. Kulira kwa injini ndi kutentha kwa msana wanu zimagoneka mwana msanga, makamaka poweruka kusukulu kapena atangodya. Zizindikiro zake ndi ziwiri: manja m'chiuno mwanu amayamba kulefuka, ndipo chisoti chake chimayamba kugogoda msana wanu. Mukamva zimenezo musamugwire ndi dzanja limodzi n'kumapitirira. Patukani, imani, mutsitseni, amwe madzi, ayendeyende mpaka maso ayere. Pa ulendo wautali ngati wa ku Katete, womwe ndi makilomita opitirira 80, imani mphindi 20 kapena 30 zilizonse ngakhale asanawodzere. Ine ndimamuimbitsa nyimbo za kusukulu. Akangoti zii ndimadziwa kuti nthawi yoima yakwana.

Ngati wonyamula ndi wa hayala

Makolo ambiri alibe njinga, amalipira mnyamata kuti azitenga mwana. Sankhani mmodzi wodziwika kwawo ndi kumene amaima, wokhala ndi laisensi ya njinga yamoto, ndipo mukhale ndi nambala yake. Yang'anani njinga yake monga ndafotokozera, ndipo muyandikireni polankhula kuti mumve ngati pali fungo la mowa. Muuzeni mwaulemu koma momveka: "Atate, mwanayu muzimutenga yekha, chisoti chake ndi ichi, ndipo musathamange naye. Akachedwa mlandu ndi wanga." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa anyamata ambiri amathamanga poopa kukalipiridwa. Madzulo mufunseni mwana kuti amalume ayenda naye bwanji, anakwera angati, anayankha foni ali paulendo kapena ayi. Ana sabisa zotere.

Pofika, ndi zikavuta

Imani pamalo athyathyathya, zimitsani injini, mapazi onse pansi, ndipo mwana asasunthe mpaka mutanena. Atsikire kumanzere, inu mukumuyang'ana, apite kutsogolo kwanu kumene mukumuona. Ekizozi imakhalabe yotentha kwa nthawi ndithu injini itazima, choncho pakhomo imikani njinga mbali ya ekizoziyo itayang'ana kukhoma, kutali ndi ana okwawa.

Mukagwa, musamudzutse mwana pomukoka manja. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakuyankha bwino, asasunthidwe mwachisawawa, ndipo chisoti musachivule pokhapokha ngati akulephera kupuma. Apolisi amapezeka pa 991. Mwana amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale adzuke n'kumaseka, chifukwa magazi otuluka mkati mwa chigaza amatha kudzionetsa patapita maola. Masiku awiri otsatira muyang'anireni: kusanza, tulo tosadzutsika, mutu wopweteka mowonjezereka, kukomoka, kulankhula zosokonekera, magazi kapena madzi otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Chimodzi mwa izi chikaoneka, thamangani naye ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami, kapena chipatala chilichonse chomwe chili pafupi. Chisoti chomwe wagwa nacho chitayeni. Bala la masipoko litsukeni ndi madzi oyera, mulipanikize ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, mupite naye ndi khadi lake la kusikelo kuti aone za katemera wa kafumbata.

Akapsa ndi ekizozi, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Tsiku lija pa Kapata anthu ofuna kuthandiza anabwera ndi zambiri, wina mankhwala otsukira mano, wina dzira, wina mafuta ophikira. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba anawakankha onse, anatenga chigubu chake chomwe amawazira repu, n'kukhala pansi mwanayo ali pamiyendo pake, akuthira pang'onopang'ono. Chitatha anatuma mwana wake kukatunga china. Iye ndiye anali wolondola: zopakapaka zimasunga kutentha mkati ndipo zimalowetsa tizilombo. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya, ndipo ngati balalo ndi lalikulu ngati chikhatho cha mwanayo, kapena layera mbuu, kapena iye sakumva kupweteka pakati pake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.